Tulo Timene Munawamana a Phoebe Kalinde

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1969 kuno kwa Likoswe, monga likunenera khadi lawo la ubatizo. Dzina lawo ndi a Phoebe Kalinde, achiwiri m'mimba mwanga. Ine mayi wawo pepala sindilidziwa, awa ndi mawu ochita kundilembera, koma zonsezi ndinaziona ndi maso. Wokwiya akwiye.

Sukulu anayamba mu 1977, nalekezera sitandade 6. Pa 13 Ogasiti 1994 anamanga ukwati woyera ndi a Bonifasio Jacob a ku Milepa, amene anadzakhala chikamwini pakhomo pano. Mu 1995 Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Maluwa. Ntchito yawo inali khasu ndi kugulitsa tomato pa Njuli. Anali munthu wansangala, wogona bwino, woti akangoyala mphasa basi mkonono.

Mu Malichi 2002, njala ija tinkadya madeya ndi zitsa za nthochi, malemu anapeza munthu akuthyola chimanga chachiwisi m'munda mwawo. Anakuwa, monga angakuwire aliyense. Amuna a m'mudzi muno anathamangirako ndi zikwanje. Munthuyo anamudula khutu, namukakamiza kutafuna chimanga chodontha magazi ake omwe, malemu akuona. Ena amene munachita zimenezi mwakhala pabenchi pompano, mwavala majekete. Ndikukuonani.

Kuchokera tsiku limenelo tulo tinathawa. Akati atseke maso, khutu lija lili pansi pa phesi. Fungo la chimanga chootcha pa Njuli linkawasanzitsa, mpaka geni anaisiya.

Mu Novembala 2002 tinapita nawo kuchipatala. Adokotala anatifotokozera kuti munthu akaopsedwa kwambiri, thupi limathira zinazake m'magazi zothamangitsa mtima, ndipo zimenezo zimadinda chimene waonacho mu ubongo. Anati tulo ndito timaziziritsa pang'onopang'ono, mpaka chinthucho chisanduke nkhani yakale. Kwa wosagona, chilonda chimadzuka chachiwisi m'mawa uliwonse. Anawapatsa timapiritsi, natilangiza kuti tiziwasiya agone. Masabata atatu anagona ndithu, anayambanso kuseka.

Ndiye kunabwera anzeru. Achibale ena, maina ndawasunga, anati mapiritsi otere ndi a anthu amisala, atichititsa manyazi, nawataya m'chimbudzi. Anati chikuwavuta ndi mzimu wa wakuba uja, chonsecho munthuyo ali moyo mpaka lero. Anayamba kuwatengera ku mapemphero ochezera Lachisanu lililonse, kenako katatu pa sabata. Akasinza, kuwagwedeza. Akagwetsa mutu, kuwakuwira m'makutu kuti chiwanda chituluke, n'kuwaimika pamaso pa gulu kuti afotokozenso za m'munda zija, mobwerezabwereza. Zonyansa! Munthu akudwala kusowa tulo, inu mankhwala ake n'kumudzutsa? Pemphero sindilinyoza ayi, ndinabatizidwa ambiri a inu musanabadwe. Koma ndinachenjeza, munati agogo ndi amantha, sanapite kusukulu. Mantha ndili nawo, inde, n'chifukwa chake ndakalamba.

Mu 2003 malemu anayamba kuthamanga magazi, thupi linatha. Lolemba pa 16 Febuluwale 2004 m'mawa, atangobwerako kochezera kuja, anagwa kuseri kwa nkhokwe. Amene anawapeza ndi Maluwa, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Anatisiya tsiku lomwelo tili panjira yopita kuchipatala.

Tsopano mverani. Maluwa chiwaonereni amayi ake ali pansi, wakhala masiku awiri maso ali gwa. Dzulo pasiwa ndamva manong'onong'o oti naye akufunika kukamuchezera Lachisanu. Ayi. Mwana uyu ndi wa mbumba yanga. Wofuna kumupempherera abwere masana, apemphere chapansipansi, azipita. Ndipo wina asadzamufunse kuti afotokoze mmene anawapezera amayi ake.

Malemu asiya amuna awo a Bonifasio, mwana wawo Maluwa, alongo awo a Geoffrey, ndi ine. Tikuthokoza amfumu, a mpingo, adzukulu okumba manda, amayi otunga madzi, ndi a Asumani amene anatinyamulira wodwala pa njinga osawiringula. Mzimu wa a Phoebe uuse mu mtendere umene pansi pano sanaupeze.

Akwaya, ponyamula maliro mudzere njira ya kumunsi, ndipo nyimbo muiyambire kutsogolo kwa mjigo. Maluwa wagona m'mawa uno m'nyumba mwanga, ndipo sindimudzutsa.