Pini ya Dona Felicitas

Pa fakitale ina ya tiyi kumtunda kwa Hauna, kompuresa yakale yopopa mpweya inali itapsanso pini ya kurosihedi, kachitsulo kolumikiza ndodo ya pisitoni ndi mkono wa kiranki. Ruvarashe, injiniya wachitsikana wosamva nthabwala, anafika ndi ntchito ziwiri: kupeza chootcha piniyo, ndi uthenga wa amayi ake woti amalume ake a Inacio, okonza makinawo, asiye ntchito, chinthu chimene mkuluyo ankachiopa kuposa mphiri.

"Amalume, ndikufuna kuyeza pisitoni."

"Pa sikelo iti?"

"Ya masamba ija."

A Inacio anayala dzanja pa kompuresa, imene ankaitcha Dona Felicitas. "Dona Felicitas akwere pa sikelo ngati dengu la tiyi? Mayi wamkulu safunsidwa kulemera."

"Ndi makina, amalume. Alibe manyazi."

"Wopanda manyazi ndiwe."

"Popanda kulemera sindingadziwe mphamvu yokoka pini. Ndimatenga kulemera kwa pisitoni ndi ndodo yake, n'kuchulukitsa ndi kutalika kwa kiranki, kenako ndi liwiro kawiri."

"Kawiri? Koyamba sunamve?"

"Liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Akuthamanga bwanji masiku ano?"

"Sathamanga. Amayenda mwaulemu."

Ruvarashe anasuzumira kuseri kwa mota. "Gudumu la lambali ndi laling'ono. Lenileni lili kuti?"

"Ndakhalira ili." A Inacio anagogoda chitsulo chimene anakhalapo. "Tinayamba ntchito chaka chimodzi, ine ndi Donayu. Ndinkamumva akupuma wefuwefu, chisoni chinandigwira, ndiye ndinamuikira laling'ono."

"Mwadula liwiro ndi theka."

"Pronto, basi. Chifundo chimenecho."

"Mphamvu yokoka yatsala gawo limodzi mwa anayi."

"Si bwino? Katundu wapepuka."

"Ndi chimene chikuotcha pini."

"Iwe, anakuphunzitsa zimenezi ku Mutare? Chitsulo chipse chifukwa chopuma?"

Ruvarashe anagwira sipanala pakati n'kumaikankha ndi chala. "Mpweya umakankha pini mbali imodzi basi, poti kompuresayi ikupopa ndi mbali imodzi ya pisitoni. Pisitoni ikamathamanga, pofika kumapeto imafuna kupitirira, ndiye imakokera pini mbali inayo. Pamenepo pamatseguka kampata, oilo n'kulowa. Ikamayenda pang'onopang'ono, pini imangotsamira mbali imodzi tsiku lonse. Oilo salowa, imauma, imapsa."

A Inacio anatsinzina diso limodzi. "Bwereza."

"Kuchokera pati?"

"Pa kutsamirapo."

"Ikatsamira mbali imodzi imauma."

"Ngakhale yakalamba?"

"Ukalamba suli m'masamu."

"Mankhwala ake?"

"Ibwerere pa liwiro lake, izikokedwa uku ndi uku."

Mkuluyo anadzuka, mawondo akulira, n'kugubuduzira gudumu lija kwa mwana wa mlongo wake. Ruvarashe anadabwa, poti chibadwire anali asanaone amalume akugonja. Anaona ngati tsiku lamukomera, wosadziwa.

"Zvakanaka, zili bwino. Tsopano uthenga wa amayi. Akuti mwatopa. Mwezi ukatha mukakhale pakhonde kunyumba ku Ruda, muzipuma."

"Pa mpando wa ndalema uja?"

"Anagula kale khushoni."

"Tsiku lonse?"

"Eya."

"Nditatsamira mbali imodzi?"

"Inu mulibe pini, amalume."

A Inacio anakwinya ovolosi mpaka pantchafu. "Ichi n'chiyani?"

"Bondo."

"Ubwere udzaligwire Lamlungu madzulo nditakhala tsiku lathunthu. Silipindika. Lolemba ndikangokwera masitepe a fakitale, oilo amalowa."

"M'bondo mulibe oilo."

"Waona? Layamba kale kuuma."

"Masamu aja ndi a zitsulo."

"Wanena wekha kuti ukalamba suli m'masamu. Kapena ndibwezere gudumu langa laling'ono?"

"Ayi, pini ipsanso."

"Ndiye Dona athamange, ine ndikaume?"

Ruvarashe anayang'ana gudumu, anayang'ana bondo. Mabodza sankawatha, ndipo amayi ake ankawaopa zedi. "Nanga kunyumba ndikanena chiyani?"

A Inacio anavula majombo, anatulutsa masipanala m'thumba n'kuwaika pansi bwinobwino, nauyamba wa kukhomo.

"Tiye ku sikelo ya masamba. Ukandiyeze, uchulukitse ndi liwiro kawiri, ukawauze amayi ako kuti injiniya wakana."