Mabenchi Anayi pa Maliro a Bambo Tidikire

Abusa, abale a mbali zonse ziwiri, anansi athu ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, mbiri isanayambe tikupemphani kuti muyang'ane kumanzere kwa bokosi. Pali mabenchi anayi opanda anthu, pamthunzi pabwino, pamene ambiri mwa inu mwaima padzuwa. Ena munayesa kukhalapo, mayi amasiye n'kukubwezani mwaulemu. Kodi mukuganiza kuti mabenchi amenewa ndi a yani? Tamva ena akunong'ona kuti ndi a mabwana, ena akuti ndi a kwaya. Sungani yankho lanu mumtima, mbiriyi ikatha mudziwa.

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1958, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali okonza njinga m'mphepete mwa msewu, mayi awo ankachapa zovala m'nyumba za anthu. Anayamba sukulu mu 1966, ndipo aphunzitsi ankati mwanayu manja ake ndi anzeru ngati mutu wake. Mu 1975 anaitanidwa kukalemba mayeso olowera kusukulu ya umakaniko. M'mawa wa tsikulo anayamba athandiza bambo awo kutulutsa zitsulo, ndipo anafika pamsewu basi ikunyamuka. Anathamanga nsapato zili m'manja, akukuwa. Dalaivala anawaona pagalasi. Malemu ankanenetsa mpaka ukalamba wawo kuti maso awo anakumana ndithu, koma munthuyo anangoponda moto. Basi ina inadutsa masana, mayeso atatha. Malo awo anapatsidwa kwa wina.

Mu 1977 analembedwa ntchito yotsuka mabasi kudepoti ya kampani ya mabasi a mumzinda. Mu 1980 anakhala kondakitala, ndipo mu 1984 anagwira chiwongolero. Anapatsidwa basi yoyamba ya m'mawa, imene inkanyamukira pasiteji yomaliza kuno kumathero a mzinda, n'kudzera kumsika, kuchipatala chachikulu, mpaka kumafakitale. Pa basi imeneyi ndi pamene anayamba khalidwe limene linawapatsa dzina. Asanamasule buleki ankayamba ayang'ana pagalasi lakumbali, ndipo akaona munthu akuthamanga, ngakhale akuoneka ngati kadontho, basi sinkasuntha. Okwera akayamba kung'ung'udza, iwo ankangonena mawu awiri, akuti tidikire pang'ono. Posakhalitsa dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso chokha. Mzinda wonse unkawadziwa kuti Bambo Tidikire.

Anzawo kudepoti ankawaseka kuti akhoza kudikira ngakhale nkhuku, n'kuifunsa ngati ili ndi tikiti. Amayi a kumsika ankati ukamva hutala ya Bambo Tidikire ukhoza kuyamba kusamba. Koma anthu omwewo amachitira umboni kuti basiyo sinkawachedwetsa kuntchito, chifukwa malemu ankatuluka mudepoti anzawo akumwa tiyi, wawo ankamwera pachiwongolero. Ankawadziwa anthu awo ndi kathamangidwe kokha: mayi wa dengu la tomato, mlonda wotsimphina, atsikana okolopa kuchipatala amene ankathamanga atagwirana manja.

Tsiku lina mu 1985 anaona pagalasi mtsikana akuthamanga atasenza mutu wa makina osokera. Anamudikira, n'kutsika okha kukamulandira katunduyo. Pa 12 Okutobala 1986 anamanga naye banja, ndipo ndi mayi athu akhala apawa. Mayi amakonda kunena kuti mwa anthu onse amene anadikiridwa, ndi iwo okha amene sanatsike. Mulungu anawapatsa ana anayi, koma wachiwiri anatisiya ali wamng'ono mu 1993. Mu 2004, atasunga kwa zaka zambiri, anagula kagalimoto kakale konyamulira zosoka za mayi. Ankakatsuka Loweruka lililonse, akukayankhula ngati mwana.

Mu 2009 khonsolo ya mzinda ndi kampani anayambitsa kampeni youza anthu kuti asiye magalimoto kunyumba azikwera basi, poti misewu inathina ndipo utsi unachuluka. Analonjeza mabasi atsopano, mitengo yotsika, ndi masiteji ofolera. Anafuna nkhope yoti anthu aikhulupirire, ndipo anabwera kunyumba kuno. Malemu anakhulupirira ndi mtima wonse. Anati munthu sungauze anzako kuti asiye galimoto yako ili pakhomo, ndipo anagulitsa kagalimoto kaja mayi akulira. Chithunzi chawo chinamatidwa m'masiteji onse, ali mu yunifolomu, akumwetulira, pansi pake patalembedwa kuti tonse tikwere basi. Tsiku lotsegulira kampeniyo, mabwana asanu ndi awiri anabwera kudzadula riboni. Anabwera pa magalimoto asanu ndi awiri.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa nonse, poti munaziona ndi matumba anu. Mabasi atsopano anathera pachithunzi. Mtengo wokwerera unakwera chaka chomwecho, n'kukweranso chisanathe. Amene ankakhala pansi n'kumakonza mitengoyo anali anthu oti sadziwa kumene chitseko cha basi chimatsekukira. Mipando inang'ambika, mazenera anatsekedwa ndi makatoni, ndipo mvula ikagwa okwera ankatsegula maambulera m'kati mwa basi. Amene anali ndi kangachepe anabwerera kumagalimoto awo, ena anagula njinga zamoto. M'basi munatsala anthu amene analibe kolowera. Pamene okwera anachepa, kampani inati ndalama zachepa, n'kukwezanso mtengo. Mtengo utakwera okwera anachepanso. Malemu ankati ngakhale mwana wa sitandade wani angathe kuona kumene masamu amenewa akupita.

Mu 2014 kampani inaika kachipangizo m'basi iliyonse kolemba mphindi zimene dalaivala waima pasiteji. Kachipangizoko kalibe maso, sikaona mayi wa dengu akuthamanga. Malemu anaitanidwa kuofesi, anachenjezedwa, kenako anayamba kudulidwa malipiro. Bwana wina, wausinkhu wa mwana wawo, anawauza kuti basi si ngolo ya kwawo. Iwo anapepesa mwaulemu atagwira chipewa m'manja, m'mawa mwake n'kudikiranso mlonda wotsimphina uja. Mayi ankati m'nyumba muno muli ana atatu ndi kachipangizo, ndipo wodya kwambiri ndi kachipangizoko. Nthawi yonseyi chithunzi chawo chinali chikumwetulirabe m'masiteji.

Anapuma pantchito pa 30 Juni 2018. Munthu amene analangidwa zaka zinayi chifukwa cha mphindi, kampani inamutsanzika ndi wotchi yapakhoma. Inawapatsanso khadi yokwerera basi ulele moyo wawo wonse. Patatha zaka ziwiri kunabwera makina atsopano odulira matikiti, ndipo makinawo anaikana khadiyo. Atapita kukafunsa, anauzidwa kuti amene anasaina khadiyo anachoka kalekale. Kuyambira pamenepo ankalipira ngati wina aliyense, ndipo sanadandaule pagulu.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mu 2023 anawapeza ndi matenda a impso, ndipo madokotala anati azipita kawiri pa sabata kukatsukidwa magazi pamakina. Makinawo ndi ochepa, odwala ndi ambiri, choncho wochedwa amapeza malo ake atapatsidwa kwa wina. Apa ndi pamene banja linalimbana nawo, ndipo sitibisa, chifukwa pamaliro si ponamizana. Mwana wawo wachisamba ali ndi galimoto. Anawapempha, anawagwadira, anafika poimika galimotoyo pakhomo penipeni injini ikulira. Malemu ankailambalala n'kulunjika kusiteji. Mwana wawo wamkazi analira mpaka kutupa maso. Mayi anafika pobisa nsapato, bambo n'kupita ndi masilipasi.

Sikuti anali osamva chabe. Iwo ankadziwa mmene kampani imagwirira ntchito: imawerenga mitu ya okwera, ndipo njira imene mitu yachepa imachotsedwa. Ankadziwa kuti basi ya m'mawa ikachoka, atsikana okolopa aja, amene tsopano ndi amayi a imvi, aziyenda wapansi mpaka kuchipatala. Ankati mutu wawo, ngakhale wodwala, ndi mutu umodzi pachiwerengero. Ankatinso ngati munthu wa pachithunzi akwera galimoto, wotsala m'basi akhala ndani. Ankadzutsa anansi, ankanyengerera apongozi, ena ankawalipirira ndi ndalama za mankhwala, kuti basiyo ioneke yodzaza. Akuluakulu aja anaiwala kalekale mawu amene analemba pansi pa chithunzi. Munthu mmodzi yekha mumzinda uno anawasunga mawuwo, ndipo ndi amene agona m'bokosimu.

Pa 17 Juni chaka chino anadzuka miyendo itatupa. Mtunda umene ankauyenda mosavuta unawatalikira. Anafika pakona basi itaima kale pasiteji, anthu akumaliza kukwera. Kuthamanga sakanatha. Anakweza ndodo yawo m'mwamba. Dalaivala anawaona pagalasi, anayang'ana kachipangizo, n'kunyamuka. Mnyamatayo anabwera yekha kunyumba kuno dzana, akulira ngati mwana, ndipo anatiuza zonse. Anali atachenjezedwa kale kawiri, kachitatu ntchito ikanatha, ndipo ali ndi ana aang'ono. Ali pakati pathu lero ndipo sitimuloza chala. Chala chathu chikudziwa kumene chikuloza.

Malemu anakhala pasitejipo kudikira basi yachiwiri, pansi pa chithunzi chawo chimene dzuwa linachifufutitsa mpaka kutsala mano okha. Sanaimbire mwana aliyense foni. Basi yachiwiriyo inali itachotsedwa mwezi wapitawo popanda kulengeza. Anafika kuchipatala masana pa basi ina, ndipo monga mu 1975, malo awo anali atapatsidwa kwa wina. Anauzidwa kuti abwere tsiku lawo lotsatira, koma thupi silinadikire. Anakomoka pakhonde kunyumba kuno, ndipo mwana wawo wachisamba uja anawanyamula n'kuwagoneka kumpando wakumbuyo wa galimoto yake. Umenewo unali ulendo wawo woyamba m'galimoto imeneyo. Ali m'chipatala, pasiteji panamatidwa chidziwitso chakuti basi ya m'mawa yathetsedwa chifukwa okwera ndi ochepa. Banja linagwirizana zowabisira, ndipo tsiku lililonse akafunsa ngati yadutsa, mayi ankagwedeza mutu kuvomera. Anatisiya pa 2 Julaye, ali ndi zaka 67.

Malemu asiya mayi athu, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi ndi mng'ono wawo mmodzi. Banja likuthokoza anamwino a kuchipinda cha impso, amene anachita zonse zimene manja awo akanatha. Likuthokoza abusa ndi mpingo, anansi amene sanatisiye tokha, ndi madalaivala anzawo opuma pantchito amene anyamula bokosi. Tikuthokozanso kampani chifukwa cha nkhata yaikulu ya maluwa imene mukuionayo, komanso nthumwi zake zimene zakhala kutsogoloku. Tingopempha eni magalimoto amene atseka njira kuti awasunthe, kuti malemu apeze podutsa.

Bambo athu, munadikira anthu moyo wanu wonse. Kumene mwapitako akulandireni chitseko chili chotsegula, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.

Tsopano za mabenchi aja. Nthumwi za kampani zitabwera kudzapepesa, zinafunsa mayi chimene angafune. Mayi sanapemphe ndalama kapena bokosi. Anapempha basi imodzi yokha, kuti lero m'mawa idutse m'masiteji a njira yakale ija, itenge anthu amene malemu ankawanyamula, poti pano mpaka kumanda n'kutali ndipo ambiri mwa iwo sangakwanitse mtengo wa minibasi. Analonjezedwa pamaso pa abusa. Uthenga unapita kumsika, kuchipatala ndi kumafakitale. N'chifukwa chake mwambowu wachedwa chonchi, ndipo tikupepesa inu amene mwapsa ndi dzuwa. Nthawi iliyonse abusa akafuna kuyamba, mayi amayang'ana kumsewu n'kunena mawu awiri aja. Posachedwapa taimba foni kudepoti, ndipo atiyankha kuti sangatulutse basi panjira imene kulibe.

Mabenchi anayiwa ndi a mayi wa dengu la tomato, mlonda wotsimphina, amayi okolopa kuchipatala ndi anzawo onse a basi ya m'mawa. Akadali pasiteji.