Mkamwini Wowola M'chisakasa cha Mbuzi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ndilankhula nditatsamira ndodoyi, musadabwe, mwendowu sukonda kuima nthawi yaitali.

Amene simundidziwa, dzina langa ndine Lameki. Kwathu ndi ku Chiradzulu. Kuno ku Domasi ndinabwera ndi ukwati, ndine mkamwini. Ndinakwatira Esinati, amake Joyisi, ndipo Mulungu anatipatsa ana anayi. Munda ndi wa akazi anga. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi awo. Ana ndi a mbumba yawo. Akamwini anzanga mukudziwa, chako pamudzi pa eni ndi khasu ndi msana basi.

Ndipo msanawo ndinali nawo. Ndinkalima mpunga kudambo mpaka anthu kuima panjira. A Mpinganjira, atsibweni ake a mkazi wanga, mwini mbumba, ankanditama pamowa. Apongozi anga aakazi ankatumiza mazira kudzera mwa mwana. Ndikuti kudzera mwa mwana, chifukwa ine ndi iwo sitinkaonana. Mwambo wake mukuudziwa. Tikakumana panjira iwo ankalowa m'chimanga, ine n'kuyang'ana kuphiri. Akafuna kundiuza kanthu ankalankhulira kuseri kwa nkhokwe. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, ndinkadziwa chitenje chawo ndi chifuwa chawo akamatsokomola.

Chaka chimene ndalama zinasintha kukhala kwacha ndi tambala, ndinayamba kumva kupweteka m'chiuno, apa polumikizana fupa la ntchafu. Ndinati ndi kutopa. Kenako kutsimphina. Kenako thukuta, kuonda, mwendo kupindika wokha osafuna kuwongoka. Anandipititsa kwa sing'anga kupitirira Naisi. Anatema mphini chiuno chonse, napaka zakuda zosakaniza ndi mafuta a nsatsi ndi malovu ake. Malovu ake, abale. Munthu wa mano ofiira ndi fodya kulavulira pabala langa, ine n'kunena zikomo.

Mphini zija zinatukusira. Ntchafu inatupa. Khasu ndinalisiya, ndipo tsiku limene ndinasiya khasu ndi tsiku limene ndinasiya kukhala munthu pamudzi paja. A Mpinganjira anayamba kunena kuti ndikunamizira. Amati mkamwini uyu wakhuta, akufuna kudyera pamphasa.

Chotupa chitaphulika, bodza lija linatha, koma panabwera fungo. Ndikhululukireni amayi, ndinena momwe zinalili. Mafinya ankatuluka osaleka, achikasu, nthawi zina ndi tizidutswa ta fupa. Mphasa inkamata pathupi. Ntchentche zinkandidziwa kuposa abale. A Mpinganjira analamula kuti ndichoke m'nyumba, m'nyumba yomanga ndekha, andiike m'chisakasa chogundana ndi khola la mbuzi. Esinati anali ndi khanda, ndiye anamuletsa kundikhudza, ati apatsira mwana. Ankalira, koma mawu a mwini mbumba ndani angawatsutse? Chakudya ankandikankhira ndi mtengo pakhomo, mmene amachitira ndi galu wachiwewe.

Akhristu anzanga munabwera, sindikana. Munabwera kamodzi. Munaima patali pansi pa mango, n'kuimba ndime imodzi nsalu zili pamphuno, ameni wake wothamanga. Palibe anasuzumira. Sindikutchula mayina, koma ndinanyansidwa nanu kuposa mmene munanyansidwira nane. Ndinanyansidwa ndi mudzi wonse. Ndinanyansidwa ndi thupi langa. Mkodzo wa mbuzi unkayenderera pansi pa mphasa yanga, ndipo pabala panagwa mphutsi. Ndinkazimva zikuyenda. Ndinauza Mulungu kuti, Atate, ngati ndaola kale, bwanji osangondikwirira?

Ndiye ndinamva a Mpinganjira akulankhula pabwalo, mokweza dala kuti ndimve. Anati, "Ife tinkafuna khasu, osati mtembo wopuma. Mawa anyamata amunyamule, akamusiye kwawo. Ukwati watha. Esinati akadali mtsikana, amuna alipo."

Apongozi anavomera. Anavomera chifukwa chimene ankadziwa ndi chimene ankauzidwa. Mwambo sunkawalola ngakhale kuyandikira kumene ndagona. Abale, imfa sindinkaiopa. Ndinkaopa kuti Joyisi ndi ang'ono ake adzaitana munthu wina kuti bambo, ine ndikuwolera ku Chiradzulu.

M'mawa mwake kunagwa mvula, anyamata aja sanabwere. Apongozi sanadziwe. Ankayesa ndapita. Anabwera ndi tsache kuti asese chisakasa aikemo mpunga. Anakankha chitseko cha udzu, n'kundipeza. Ndinali chigonere, wopanda chovala, chiguduli chokha chitagwera pambali. Mkamwini ndi mpongozi, maso ndi maso.

Mwambo umati athawe. Ndipo anatulukadi. Ndinawamva akusanza kuseri, kusanza kwenikweni. Ndinati basi, manyazi omaliza ndi amenewa. Koma posakhalitsa chitseko chinatsegukanso. Analowa ndi madzi ofunda amchere m'beseni. Anagwada. Ndinayesa kudzibisa ndi manja, iwo anati, "Chotsani manja, bambo. Manyazi tidzachita mukachira."

Anatsuka bala lija. Ankachotsa mphutsi imodziimodzi ndi kaudzu, akutembenuka kulavula, n'kubwereranso. Sananamizire kuti sizikununkha. Ankangoti, "Mwana wa mwini, mwana wa mwini, takuchita chiyani."

A Mpinganjira atafika anaima pakhomo. Anati, "Achemwali, mwapenga? Mwaona thupi la mkamwini?"

Iwo anati, "Ndaona, achimwene. Inu munaona kale, n'kumandiuza kuti ndi ulesi. Ulesi umagwa mphutsi?"

Pamudzi panalibe wofuna kugwira machila kuti andipititse kuchipatala. Apongozi anapita kwa Che Amidu, Msilamu uja wogulitsa nsomba zouma, amene sitinkadya naye mbale imodzi. Iye ndi abale ake anandinyamula mpaka kumsewu, osatseka mphuno, n'kuimitsa lole. Ku Zomba anandijambula mafupa, nanditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Apongozi anapita nane, akugona pansi pakhonde.

Kumeneko dokotala wa mafupa anandionetsa chithunzi. Anati si ufiti, ndi chifuwa chachikulu chimene chinalowa m'fupa. Mutu wa fupa la ntchafu, umene umazungulira m'chiuno, unali utadyeka ngati chinangwa chofumbwa. M'chipinda chathu tinalimo ambiri a matenda a chiuno, ndipo madokotala ankafufuza njira imene ingatiyenere ife anthu a kumudzi. Ankabwera ndi ophunzira, kutiyeza miyendo ndi chingwe, kutifunsa mafunso ochititsa manyazi. Mumakhala pampando kapena pansi? Mumalima mowerama bwanji? Kuchimbudzi mumatani?

Womasulira anandiuza kuti njira zilipo ziwiri. Akhoza kulumikiza mafupa kuti chiuno chiume, mwendo ukhale wolimba koma wosapindika mpaka imfa. Kapena akhoza kuchotsa mutu wowolawo, mwendo ufupike, ndizitsimphina ndi ndodo, koma ndizitha kukhala pansi ndi kunyonyomala. Anati kwawo kwa azungu ambiri amasankha wouma, poti ali ndi mipando. Ine ndinati, adokotala, mpunga sawokera choimirira. Kwathu mwamuna wosatha kukhala pansi pamaliro, wosatha kugwada, adzakhala pati? Chotsani chowolacho.

Anachita opaleshoni. Ndinadzuka mwendo atawumangirira chitsulo cholemera chokokera kumapazi kwa bedi. Ndinagona choncho miyezi, jakisoni tsiku ndi tsiku mpaka matako kuuma, mapiritsi odzaza dzanja. Koma tsiku lina ndinanunkhiza, ndinanunkhizanso, osamva kanthu. Fungo linali litatha. Aleluya! Ndinalira ngati mwana, anamwino n'kumayesa ndikumva ululu.

Nditabwerera kuno ndinapeza nkhani ili pakamwa pa aliyense. Osati nkhani ya kuchira kwanga, ayi. Nkhani ya mayi amene anasambitsa mkamwini wake. Kumtondo ankawaimba nyimbo. Kuchitsime akafika, anzawo ankatsinana. Anthu omwe aja amene anandisiya ndi mbuzi ndi amene ankati apongozi achita zonyansa. Taganizani, abale, chonyansa pamenepa ndi chiti?

A Mpinganjira anayesanso. Anati wopunduka sangadyetse mbumba. Apongozi anayankha pabwalo, anthu onse akumva, ine ndili kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo. Anati, "Mudzi uno unatuluka m'mimba mwanga. Wofuna kuchotsa bambo a Joyisi ayambe wachotsa ine." Nkhani inathera pomwepo.

Lero ndili m'nyumba mwanga. Mwendo ndi waufupi, nsapato iyi anandiwonjezera ndi tayala kumsika ku Zomba. Khasu lalikulu sindilitha, koma ndimawokera mpunga, ndimaluka mphasa, ndimaingitsa mbalame. Madokotala amandiitanabe nthawi zina kuti akaone mmene ndikuyendera, ati zithandiza ena. Ana anga amadya ndi ine. Esinati ndi uyo, wabereka wina kumbuyo. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza Che Amidu, ngakhale sali muno. Ndipo mukamva kuti wina akuwola m'nyumba, musamuimbire pansi pa mango, lowani. Musamutemere mphini, muthamangire naye kuchipatala.

Chatsala chimodzi. Tsiku limene ndinaponda pamudzi ndi ndodo, apongozi, amene anali atatsogola kale kubwerera kumudzi, anandiona ndikubwera, n'kulowa m'chimanga. Anasunga mawu awo. Ndinachira, manyazi anabwerera. Kuyambira pamenepo sitinayang'anizanenso, ndipo pamudzi palibe malo amene mkamwini angaime n'kuthokoza mpongozi wake pakamwa. Ndatumapo mwana, koma mawu otere mwana sangawanyamule. N'chifukwa chake ndinapempha abusa mpata uno. Muno ndi m'nyumba ya Mulungu, aliyense amamva.

Ndikudziwa ali kumbuyo uko kumbali ya amayi, ndamva chifuwa chawo. Musawayang'ane, mungawachititse manyazi. Inenso nditembenuka, ndiyang'ane kukhoma kuno.

Amayi, munasanza, koma munabwerera. Ana anga ali ndi bambo chifukwa cha inu. Zikomo, amayi.

Ameni.