Timakina Tomwe Tinkafa Masana

Moni nonse amene mumanditsatira pano, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Tiyamike, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinatsala pang'ono kusiyana ndi bambo anga ali chigonere, chifukwa cha kamakina kokwana m'manja.

Bambo atadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Mayi anatisiya kalekale, choncho ndinachoka ku Lilongwe n'kubwerera kwathu ku Nkhotakota. Mwamwayi, kampani yaing'ono imene ndimagwirako ntchito inali itayamba kuika timakompyuta toyendera sola m'sukulu za kwa Mwadzama, kuti ana aziphunzira pa matabuleti olumikizidwa ku timakompyutato popanda intaneti. Abwana anandilola kugwirira kuno, ndiziyang'anira timakinato. M'mawa ndinkasambitsa bambo, kuwamwetsa phala, kenako n'kukwera kabaza wa kusukulu.

Zinthu zinasokonekera titalandira timakina tatsopano, ta memole yochuluka kuposa toyamba. Memole ndi malo amene kompyuta imasungiramo zimene ikugwira pa nthawiyo. M'mawa tinkagwira bwinobwino, koma masana tinkangouma gwa, osasiya ndi uthenga womwe. Aphunzitsi anati ndi kutentha, ine n'kuvomera, pajatu kuno mu Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tinaika mafani, ena mpaka ankayala thumba lonyowa pamwamba pa kabati yosungiramo timakinato, koma palibe chinasintha. Abwana anandiuza mosabisa kuti teremu ikatha zili chonchi, ntchito ya kuno aitseka, ine ndibwerere ku ofesi ku Lilongwe.

Abale, ndinalira. Bambo sakanatha kukhala m'kachipinda ka lendi ku tauni, komanso ndikanasiya ntchito, mankhwala awo akanachokera kuti? Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo pemphero langa silinali laulemu kwenikweni. Ndinati, "Ambuye, munandibweretsa kuno ndinu, ndiye mundichotse chifukwa cha kabokosi?"

Yankho linandipeza pa benchi ya kuchipatala, tsiku la mafizo a bambo. Ndinali nditatsegula laputopu pamiyendo, kamakina kamodzi kali pambali. Mayi ena ovala hijabu, amene anabwera ndi amayi awo okalamba, ankangondisuzumira, ine n'kumaganiza kuti akufuna kutchajitsa foni. Kenako anafunsa kuti, "Achemwali, kenelo yakeyo munaimanga nokha, kapena inabwera ndi makinawo?" Laputopu ija inatsala pang'ono kugwa.

Anali a Mwanaisha, mwana wa m'tauni yathu yomwe ino, amene anagwira ntchito yokonza kenelo kunja kwa dziko lino kwa zaka zambiri, n'kubwerera kudzadwazika amayi awo. Kenelo ndi phata la pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ndipo ndi imene imagawira mapulogalamu ena onse memole. Nditawafotokozera za kutentha anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwaona ndi maso anu kuti ndi kutenthako, kapena mwangomva?" Funso limenelo linandiwawa, chifukwa ndinali nditangomva.

Loweruka ndinatenga matabuleti onse a kusukulu n'kupita nawo kwawo. Anabwereka kulabokosi ya ayisi kwa mlamu wawo wogulitsa nsomba, anakulunga kamakina m'pulasitiki n'kukaika m'katimo. Tinayatsa matabuleti imodziimodzi, ndipo titayandikira kumapeto, kamakina kanauma kali kozizira ngati firizi. Kutentha kunalibe mlandu. Masana ndi nthawi imene makalasi onse ankalowa pamodzi, memole n'kudzaza mpaka m'mwamba. Ine ndinafuna kuvina, koma iwo anangoti, "Tadziwa amene sanabe. Wakubayo sitinamupeze."

Anandikhazika pakhonde n'kundifotokozera mmene palibe mphunzitsi anandifotokozerapo. Ma adiresi amene pulogalamu imaona si malo enieni a memole, ndi mapu chabe, ndipo kenelo ndi imene imadziwa kuti adiresi iliyonse ikuloza pati. Nayo kenelo ili ndi mapu akeake, ogawidwa ngati minda ya mpunga: apa pa memole wamba, apo pa zipangizo za makina. Iwo ankakayikira kuti minda iwiri yalowana, koma anakana kukhulupirira ngakhale maganizo awo omwe. Anandiuza kuti ndisiye kachigawo koletsedwa pamalire, kuti chilichonse chopondapo chiimitse makina n'kusonyeza pamene chaponda.

Tinayesa mobwerezabwereza kwa masabata, chifukwa poyamba ndinkatchinga malire olakwika. Iwo ankawerenga zotuluka pa laputopu uku akupukuta amayi awo pakamwa, ndipo sindinawamvepo akuusa moyo. Nthawi ya swala ikakwana ankayala mkeka n'kupemphera, kenako n'kubwera kudzapitiriza pa mzere womwewo umene anasiyira. Ine ndikapsa mtima ankangoti, "Inshallah vutoli tilipeza, makina sanama."

Tsiku lina masana kamakina kanaima, ndipo kwa nthawi yoyamba kanalemba adiresi. Amene anakonzera kenelo makina oyamba aja anakhomerera malo a zipangizo pa adiresi imodzi yosasuntha, poganiza kuti memole siidzafika pamenepo. Pa makina atsopano memole inakula n'kulowerera malowo. Ana akachuluka, kenelo inkalemba zinthu zake poganiza kuti ndi memole, pamene kwenikweni ikulemba m'zipangizo, makina n'kufa. Tinasuntha malirewo kuti aziwerengedwa molingana ndi kukula kwa memole, ndipo kachigawo koletsedwa kaja tinakasiya pomwepo kuti kazilondera.

Chimene chinandigonjetsa ndi ichi. Chigamba chokonzera vutolo ndinafuna kuti chipite kwa osamalira kenelo m'dzina la a Mwanaisha, koma anakana. Anandibwezera kangapo kuti ndilembenso malongosoledwe ake, mpaka munthu amene sanafikepo ku Nkhotakota azitha kumva chimene chinalakwika. Atakhutira anati, "Tumizani m'dzina lanu, mwaligwira ndinu. Lina likadzabwera ine kulibe, mudziwe poyambira." Ndakumanapo ndi anthu anzeru ambiri, koma wanzeru wopanda phokoso ngati mayi amenewa sindinamuone.

Teremu inatha timakina tikugwira usiku ndi usana, ndipo abwana sanatchulenso za Lilongwe. Ine ndinkayembekeza kuti thandizo lichokera kutchalitchi kwathu kapena ku ofesi, koma Mulungu analikhazika pa benchi ya odwala, litavala hijabu. Ndikumuthokoza ndi mtima wonse, ndipo a Mwanaisha ndi amayi awo ndimawatchula m'pemphero tsiku lililonse.

Inu amene mwatopa ndi vuto losaoneka mutu wake, musaleke kupemphera ngakhale pemphero lanu litakhala lokalipa ngati langa, ndipo musanyoze amene mwakhala naye pa benchi. Lero m'mawa, ndisanapite kusukulu, bambo anakankha dzanja langa n'kugwira okha sipuni ndi dzanja lakumanja lija. Phala lambiri linatayikira pa malaya, koma lina linafika pakamwa. Izi sindinachite kumva pa foni ndili ku Lilongwe. Ndinalipo, ndaona ndi maso anga.