Mtengo wa Ababa

Mzime anapita kushopu yometera ya bambo ake kukatenga ndalama yowombolera nsapato zake kwa wosoka, poti mawa lake ankayamba ntchito pasitolo ina ndipo sakanapitako ndi patapata. Anawapeza atakhala pampando wa makasitomala, maso ali pafoni, makina ometera akulira okha patebulo.

"Ababa," anatero akuyang'ana pansi, "amayi akuti mundipatse ija ya nsapato."

"Shii! Ili pantchito."

"Ndalama?"

"Ndabetcha pa tenisi. Bwera kuno uphunzire zimene kusukulu anakubisirani." Anamulozera pafoni ndi chipeso. "Ukaika pa katswiri wamwamuna, kampani yobetchetsa imakupatsa phindu lochepa, poti ikudziwa kuti apambana. Ukaika pa katswiri wamkazi, imawonjezera."

"Ndiye kuti akazi ndi odula?"

"Odula chiyani! Osadalirika! Lero wapambana, mawa wadzuka ndi maganizo ena. Kampani imawadziwa akazi."

"Inakwatirako?"

"Iwe, kampani sikwatira!"

"Nanga inawadziwira kuti?"

Bamboyo anasisita dazi lake. "Gwira mfundo imodzi yokha. Munthu akakhala wosadalirika, mtengo wake umakwera."

"Wosadalirika, mtengo umakwera," Mzime anabwereza, monga ankachitira m'kalasi.

"Eyaa! N'chifukwa chake ine ndaika yonse pa mwamuna. Muone. Miyendo ngati mapolo a magetsi."

"Yonse?" Mzime anafunsa. Anadziona kale ataima kuseri kwa kauntala, zala zakuphazi zikupereka moni kwa abwana. Anasuzumira pafoni. "Nanga bwanji wakhala pansi?"

"Akupuma."

"Wavula nsapato."

"Akuganiza."

"Amaganizira kuphazi?"

"Ndi nzeru zamasewera zimenezo! Akumupusitsa mnzakeyo."

"Akulira, Ababa."

"Thukuta ilo!"

"Wapereka dzanja kwa mnzake. Wanyamula chikwama. Akutuluka." Kenako anafunsa ndi mtima wofunadi kudziwa: "Kapena nayenso wadzuka ndi maganizo ena?"

Bamboyo anagwedeza foniyo, nayitembenuza, nayipukuta ndi nsalu yofundika makasitomala. Mwamuna uja sanabwerere.

"Wavulala," anatero pomaliza. "Mwamuna akagonja pamakhala chifukwa."

"Nanga nsapato zanga?"

"Mwana wanga, ntchito amagwira ndi manja."

Mzime anatembenuka. Anazimitsa makina ometera aja, n'kulunjika pakhomo.

"Ukupita kuti? Usakawauze amayi ako!"

"Ndikupita kwa wosoka. Amayi anati ndikakupezani mulibe kanthu, ndikangomuuza kuti, 'Amayi apambana.' M'mawa sindinakhulupirire."

"Apambana chiyani?"

"Anabetcherana ndi wosoka dzulo. Wosoka anati inu ndinu bambo wa pakhomo, ndalama ya mwana simungaiseweretse. Amayi anati ndalamayo sifika madzulo. Akapambana amayi, nsapato nditenga ulere."

Bamboyo anadzuka, chipeso chili m'mwamba. "Akundibetchera ine? M'nyumba mwanga? Nanga akanaluza, akanapereka chiyani?"

"Wailesi, mbaula ndi njinga yanu."

"Zonsezo pa kansapato kamodzi?"

"Wosoka nayenso anadabwa. Amayi anamuuza kuti palibe choopa." Mzime anaima pakhomo, nawerengera m'mutu monga anaphunzitsidwira. "Koma musadandaule, Ababa. Kampani ija itakudziwani, mtengo wanu ungapose wa akazi onse a tenisi."