Mafoni Awiri Podikira Minibasi

Pa siteji ya ku Chongwe, mayi wina wodikira minibasi ya ku Kanakantapa anasuzumira pa foni ya bambo amene anakhala naye pabenchi.

"Ba tate, chipani chimene achitamanda apo, pa foni yanga onse achitukwana."

"Onse? Pa yanga kulibe wotukwana. Tisinthane, muone."

Anasinthana mafoni, nayamba kuwerenga.

"Iye! Izi sininazionepo," anatero mayiyo.

"Foni ni yochenjera, mayi. Ikaona chimene chakukwiyitsani lero, mawa ikuwonjezerani chomwecho."

"Ine na mlongo wanga Ezron sitikambitsana kuchokera pa masankho. Ngakhale pa maliro a amalume sininamupatse moni."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Nenze kuganiza kuti aona zimene niona ine, koma achita dala."