Khadi la Minibasi ya a Lameki

Chaka chimene mwana wawo Malita, namwino wa ku London, anabwera kudzacheza, a Lameki anatsala ndi khadi limene mtsikanayo amakwerera basi kumeneko. Minibasi yawo ya pakati pa boma la Mchinji ndi boda inali itayamba kuluza makasitomala, choncho analengeza kwa amayi ogula katundu ku Chipata kuti Lolemba nawonso akuyambitsa khadi, ndipo Loweruka anapita kwa alamu awo a Benedicto, olemba zikwangwani.

"Alamu, mundilembere chikwangwani chachikulu. Dzina la khadi pamwamba."

A Benedicto anatsegula chitini cha penti. "Dzina lake ndi chiyani?"

"Ndi limene tikufuna tipeze. Ku London khadi lawo ndi Oyisitala."

"Ameneyo ndiye mwini basi?"

"Ayi, ndi nyama. Nkhono ya m'nyanja yamchere."

A Benedicto analandira khadilo, kulitembenuza, kulinunkhiza. "Sikununkha nkhono."

"Ndi dzina chabe. Mzinda wolemekezeka khadi lake limakhala nyama. Mumaligunditsa pa makina, makina aja n'kulira kuti tii, inu n'kukwera."

"Makinawo muli nawo?"

"Kondakitala wanga Aleck azilira yekha. Zimenezo zisakuvuteni. Lembani NKHONO."

A Benedicto anaviika bulashi, kenako anaima. "Ndilembe kuti minibasi yanu ndi nkhono?"

"Khadi, osati minibasi."

"Anthu saziwerenga choncho. Amanena kale pa depoti kuti wa njinga amakupitirirani pa mtunda wa ku Kachebere. Koma ngati mukufuna kuvomereza, ine ndilemba."

"Iyayi, siyani." A Lameki anavula chipewa n'kuchivalanso. "Malita anatinso ku Hong Kong khadi lawo ndi Okutopasi, chinyama cha miyendo eyiti. Chifukwa limakufikitsa mbali zonse za mzinda."

"Oho. Ndiye miyendo imatengera mbali?"

"Eya, mwayamba kumva."

"Inu mbali zanu ndi ziwiri, boma ndi boda. Ikufunika nyama ya miyendo iwiri. Nkhuku."

Zinkamveka zanzeru, ndipo n'zimene zinawakwiyitsa a Lameki. "Chabwino, NKHUKU. Ndinali nditaiganizira kale."

"Ndiye Aleck aziti chiyani pakhomo?"

"Aziti, amene ali ndi nkhuku akwere, ena alipire."

"Tsiku la msika theka la minibasi limakhala ndi nkhuku, alamu. Ena ziwiri. Yachiwiriyo azikwera nayo mnzake?"

"Nkhuku ya pepala."

"Ndilembe kuti NKHUKU YA PEPALA?"

"Ayi. Nkhuku yokha, koma anthu adziwe kuti si nkhuku."

"Ndiye ndilembe NKHUKU KOMA SI NKHUKU. Likwana, ndingochepetsa zilembo."

"Alamu, kodi mukuchita dala?"

"Ine ndimalemba zimene kasitomala wanena. Chaka chatha wa golosale anandiuza kuti lembani chilichonse, ndipo mpaka lero golosale yake ndi Chilichonse."

Thiraki yochokera ku Zambia inadutsa, fumbi n'kudzaza pakhonde. A Benedicto anavundikira penti ndi chikhatho mpaka fumbi litatsika. A Lameki anali akuyendayenda.

"Tisankhe nyama imene munthu sanganyamule m'minibasi. Yaikulu, yaulemu. Njovu."

"Njovu ndi yabwino kujambula," anatero a Benedicto. "Koma khadili azilisunga kuti?"

"M'chikwama."

"Ndiye mayi wafika pa kasitomu pa boda paja, amufunsa kuti m'chikwamamo muli chiyani, iye n'kuyankha kuti zitenje, sopo ndi njovu."

"Afotokoza."

"Afotokozera ku polisi. Akamufunsa kuti waitenga kuti, anena kuti a Lameki amagulitsa pa depoti, ndipo ali nazo zambiri m'katoni."

A Lameki anakhala pansi pa chitini chopanda kanthu. "Nkhanu. Nayonso ndi ya m'madzi ngati za anzathuwo."

"Imayenda chammbali."

"Ndiye?"

"Palibe. Ndimangoti mwina mukonzetse kaye chiwongolero, kuti anthu asamaseke kwambiri."

"Mbewa."

"Kumeneko ndiye mwatha. Aleck akangoti onetsani mbewa, anthu a kwa Mfumu Zulu onse atulutsa mipani ya mbewa. Ndipo iye ndimamudziwa, azilandira."

"Nyalugwe."

"A Wilson analemba kale pa minibasi yawo. Ndinalemba ndine. Anthu azigula khadi kwa inu n'kumakakwera kwa iwo."

A Wilson ndi amene ankawalanda makasitomala. Dzina lawo litangotchulidwa, a Lameki anaimirira n'kuloza alamu awo ndi chala.

"Tamverani. Mwana wanga ali ku London. Wa a Wilson ali ku Mponela. Lolemba amayi aja akabwera n'kupeza palibe khadi, ine ndiyang'ane kuti? Mukufuna ndikhale choseketsa cha boda yonse?"

"Ayi alamu, n'chifukwa chake ndikufunsa."

"Nyama zonse mwazikana."

"Sindinakane ngakhale imodzi. Mukukana ndinu. Ine bulashi ndanyamula kuyambira mmawa, penti akuuma."

A Lameki anayang'ana khadi la Malita, la buluu, losalala, lopanda chithunzi cha nyama iliyonse. Analibwezera m'thumba la malaya pang'onopang'ono, ngati munthu amene wabweza katundu pa sitolo.

"Basi, mwandigonjetsa. Za ku London zikhale ku London. Lembani TIKITI."

"Tikiti?"

"Tikiti. Zilembo zazikulu, zofiira. Aliyense amadziwa tikiti."

A Benedicto anaviika bulashi, anayeza thabwa ndi diso, n'kufikitsa dzanja pomwe panayenera kuyambira chilembo choyamba. Kenako anapukusa mutu, anapukuta bulashi ija pa nsanza n'kuiika pansi.

"Zimenezo sindingalembe, alamu. Pansi pa chikwangwani pamakhala dzina langa, ndipo Mchinji si mudzi. Khalani pansi tiyambirenso. Mbuzi mwaiganizira?"